“Awa ndi anu, atate. Ine ndikufunsa za amayi”

Pali mawu ena amene amakukakamira ngati chisoso ku thalauza. Uthothole, uchape, mawa upeza kena kadakali pa mpendero. Anga ndi amene ndaika pamwambapa. Anandiyankhula ndi mnyamata wa yunifolomu, woti ndikanamubereka ndine, tsiku lina la mu Disembala 2022, titaima padzuwa m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka. Sanandilalatire, sananditukwane, sanapemphe ngakhale ya drinki. Anangondibwezera mapasipoti anga awiri ndi manja onse awiri, mwaulemu, n'kunena mawuwo.

## Basi ya faifi

Tinanyamuka pa Chipata ndi basi ya faifi m'mawa: ine, akazi anga a Naphiri, ndi kamtsikana kathu ka zaka ziwiri kali kumsana. Tinkapita kukachingamira mwana wanga wamkulu, amene ankatera mawa lake pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda kuchokera ku Leeds. Iye ndi mayi ake omupezawa anali asanaonanepo maso ndi maso, ankangodziwana pa WhatsApp. Ndiye a Naphiri anakonzeka ngati akukalandira bishopu. Anagona mochedwa akukazinga nsawa, nkhuku ya kumudzi anaiphika n'kuiika m'kapoto kotsekeka bwino, ati mwanayo asayambire zakudya za m'sitolo.

Titapitirira Petauke, dzuwa litayamba kuluma, basi inaima pamalo pena pomwe amatsitsa anthu kuti aonetse zitupa. Amene mumayenda msewu uwu mukudziwa mmene zimakhalira. Kondakitala amangoti, “Tonse pansi, mareji m'manja,” aliyense n'kuyamba kupapasa m'matumba. Mzere unkayenda msanga. Reji yobiriwira, chitupa cha nzika ya Zambia, akangoiona, amangogwedeza mutu kuti dutsa.

A Naphiri alibe reji. Kwawo ndi ku Mchinji, mudzi woti ukakwera pa chulu cha kuseri kwa nyumba ya apongozi, foni imagwira netiweki ya ku Zambia. Anamasula kansalu komwe amakulungamo pasipoti yawo ya Malawi n'kupereka. Mnyamata uja anatsegula, n'kupita kumapeto, n'kubwerera kumayambiriro, n'kuima pa tsamba limodzi. Ndinaona milomo yake ikuwerenga miyezi.

“Amayi, munalowa liti?”

“Ndi kale ndithu, abwana.”

“Chidindo chomaliza ndi cha mu Febuluwale. Anakupatsani masiku 30. Pano tili mu Disembala.”

Apa ndi pomwe ndinadzichotsa ulemu ndekha. Ndinalowerera ndi Chingerezi changa cha ku Leeds, chija chotulukira m'mphuno. Ndinatulutsa reji, ndinatulutsa pasipoti ya Zambia, ndipo, kupusa kwake, ndinatulutsanso ya Britain, ngati kuti akaona mkango wa pachikutopo agwada. Ndinati awa ndi akazi anga, ine mchombo wanga uli pa Kapata ku Chipata, mwana ali kumsanayu ndi wa dziko lino, mukufunanso chiyani?

Anazilandira zonse, n'kuziyang'ana chimodzichimodzi, n'kuzisanjikiza bwinobwino. Anandiyankha m'Chinyanja chathu chomwechi, osati m'Chingerezi changa chija.

“Sindikukana, atate. Koma awa ndi anu. Ine ndikufunsa za amayi. Ali ndi pemiti? Nanga pepala la ukwati muli nalo?”

Tinalibe zonse ziwiri.

Dalaivala anali atayamba kale kuliza hutala. Kondakitala anatitsitsira chikwama, koma kapoto ka nkhuku kanali pa shelefu ya pamwamba pa mpando, ndipo kanapita ku Lusaka kokha. Mwana anayamba kulira ndi kutentha. A Naphiri anamukweza pang'ono n'kumangitsa mbereko, maso ali pansi, kenaka anati, motsitsa mawu kuti ena asamve: “Bambo ake, inu thamangirani basiyo mukalandire mwana. Ine ndine mlendo, andiuza kopita.”

Zaka zitatu tikudyera mbale imodzi, ndinali ndisanawamvepo akudzitchula mlendo.

Zotsatira zake sinditalikitsa. Basi sindinakwere. Tinapita ku ofesi, tinalemba sitetimenti, tinalipira chindapusa chimene chinadya ndalama yonse ya feteleza wothira kachiwiri, ndipo a Naphiri anapatsidwa masiku ochepa kuti atuluke m'dziko. Mnyamata wanga anakamulandira ndi msuweni wanga wa ku Chawama. Khrisimasi tinakadyera ku Mchinji. Tinadutsira m'chinyumba chatsopano cha pa malire a Mwami, chimene a Hakainde Hichilema ndi a Lazarus Chakwera anali atangotsegulira mwezi womwewo, penti idakanunkha. Kuti akaone mayi ake omupeza, mnyamatayo anachita kugula viza ya Malawi ndi madola, poti nthawi imeneyo pasipoti ya Britain inkafuna viza kumeneko. Ine ndinadutsa ulere ndi ya Zambia, manyazi ali tho.

## Ine amene ndinayenera kudziwa

Chimene chimandiwawa n'chakuti ululu umenewu ndinaulawapo ine mwini. Ndinapita ku Britain mu 2003, nthawi imene manesi ambiri tinkathawa malipiro a kuno. Mu 2011 ndinalumbira n'kutenga unzika wa kumeneko, ndipo malinga ndi lamulo la nthawiyo, wa Zambia unandithera pomwepo. Palibe anandiimbira foni kundiuza. Ndinadzazimva bwino mu 2013, atate atamwalira. Ndinatera ku Lusaka maso ali otupa, n'kuima pa mzere wa alendo, n'kulipira madola 50 a viza kuti ndikaike bambo wondibereka ku manda a kwathu. Atandifunsa kuti ndadzatani m'dziko muno, ndinati kudzacheza. Ndikanati chiyani?

Pa 5 Januwale 2016, pomwe a Edgar Lungu ankasaina malamulo atsopano a dziko pa Heroes Stadium, ife a kunja tinali pa mafoni tsiku lonse. Ndime 39 inanena zinthu ziwiri: nzika sitayanso unzika chifukwa chotenga wa dziko lina, ndipo amene anautaya kale mwa njira imeneyo angathe kupempha ku Citizenship Board of Zambia kuti abwezeredwe. Ndinapempha, ndinabwezeredwa, mu 2018 ndinalongedza n'kubwerera kumudzi. Banja langa loyamba linali litatha kale. Mnyamata anatsala ndi mayi ake chifukwa cha sukulu.

Ndinafika ndi mtima wa munthu wopambana mlandu. Mapasipoti awiri m'thumba la jekete, ndinkadziona ngati ndafunda mabulangete awiri, oti aliyense wogona pafupi nane afundako. A Naphiri ndinakumana nawo pa msika wa Kapata, ankabwera ndi zitenje ndi mpunga wa Kilombero. Mu Ogasiti 2019 ankhoswe anakhala pansi, tambala ndi msoti zinasinthana manja, anthu anadya, anavina, basi banja lamangika. Poyamba ankakhala uku ndi uku chifukwa cha geni yawo, chidindo chili chatsopano nthawi zonse. Kenaka kunabwera korona, kenaka mwana, kenaka ulesi wanga. Pa geti ya pa malire anayamba kudutsira mwa apo ndi apo. Akafuna kukaona amayi awo ankangokwera njinga yamoto kudzera m'minda, monga amachitira aliyense wa m'malire muno. Ndinganame ndikati sanandikumbutsepo. Anandikumbutsa kawiri konse. Yankho langa linali lakuti, “Ndani angakufunseni? Simuli pakhomo pa mwini dziko?”

## Umatsika ndi magazi, sudumphira m'mbali

Masabata amene a Naphiri anali kwawo, ndinachita chimene ndikanachita zaka zitatu m'mbuyomo. Ndinatsitsa malamulo aja pa intaneti n'kuwawerenga ndekha, usiku, m'nyumba yopanda fungo la ndiwo. Gawo la unzika ndi lalifupi, loti umaliza tiyi asanazizire. Zaka zonsezi ndinkangodziwa ndime imodzi, yokhudza ine.

Unzika wa Zambia umayenda ngati madzi ochokera m'phiri la Kanjala, umatsika. Mwana wobadwira m'dziko muno, kholo limodzi likakhala nzika, ndi nzika chibadwire. Imeneyo ndi ndime 35. Wobadwira kunja, kholo limodzi likakhala nzika yochita kubadwa nawo unzikawo, nayenso ndi nzika kudzera mwa kholo lakelo, ndime 36. Silisankha kuti kholo lake ndi bambo kapena mayi. Koma kwa mkazi wako kapena mwamuna wako, madziwo safikako. Ukwati pawokha supatsa munthu unzika, ngakhale chilolezo chogona m'dziko usiku umodzi woonjezera. Chimene ndime 37 imapereka ndi ufulu wopempha: amene wakhala pabanja ndi nzika kwa zaka zosachepera 5 angathe kupempha ku bodi ija kuti alembedwe. Mlendo wamba amadikira zaka 10 akukhala m'dziko mosadukiza. Ndiye ukwati umafupikitsa njira, koma kuyenda uyenda ndithu, ndipo kumapeto kwake adzafuna kuona kuti ukwatiwo ndi wodziwika ku lamulo ndiponso kuti munthuyo wakhala muno mololedwa.

Kuchokera tsiku la chinkhoswe kufika tsiku limenelo, mnzakoyo ndi mlendo, ndipo amayendera lamulo lina, la olowa ndi otuluka. Mmalawi safuna viza kuti alowe m'Zambia, ndipo apa ndi pomwe ambiri timagwera m'mbuna. Tikamva kuti safuna viza, ife timamva kuti akhale mmene afunira. Ayi ndithu. Wodzacheza ali ndi masiku 90 okha pa miyezi 12, ndipo pa malire kawirikawiri amadinda 30, enawo ukachite kupempha. Kuthamangira pa geti mwezi ndi mwezi kukadinditsa, monga ena amalangizirana pa msika, sikuthandiza mpaka kale, chifukwa masikuwo amawerengedwa pamodzi.

Njira yake ndi imene a ku ofesi amaitcha spouse permit, pemiti ya mkazi kapena mwamuna wa nzika. Munthu akaisunga zaka 5 angathe kupempha residence permit, yokhazikika. Ndipo pepala loyamba limene amafuna ndi lomwe lija anandifunsa mnyamata pamsewu, la ukwati.

Nanga ya Britain ija, ya mkango? Ndinaiyang'ananso ndi diso lina. Nayonso sifunditsa mkazi. Kuti ndiwatengere a Naphiri ku Leeds ndiyenera kuonetsa kuti ndimapeza ndalama zokwana pachaka. Muyezo unali mapaundi 18,600 kuyambira 2012, ndipo mu Epulo 2024 anaukweza kufika pa 29,000. Pamwamba pake mayeso a Chingerezi, kuunikidwa chifuwa cha TB, kenaka zaka 5 asanakhazikike. Kasitolo kanga ka mankhwala ndi munda wa soya sizingafike kumeneko ngakhale mvula itagwa bwino chotani.

## Ana atatu, nkhani zitatu

Wamkulu, wa ku Leeds, anabadwa mu 2006 ine ndidakali nzika ya Zambia yokha. Ndiye ndi Mzambia kudzera mwa ine, ngakhale Chinyanja chake chimathera pa “zikomo” ndi “ndakhuta”. Koma amayenda ndi pasipoti ya Britain basi. Kuyambira mu Novembala 2022 a ku Britain salipiranso viza polowa m'Zambia, ndiye iye amaona ngati zonse zili m'malo. Ndimamuuza kuti akulowa ulere inde, koma akumudinda masiku ngati mzungu wodzaona njovu ku Mfuwe. Reji munthu amatenga akakwana zaka 16. Ulendo uja anali nazo 16 ndendende, ndipo ndinali nditakonza zopita naye kukajambulitsa, koma masabata onse anathera pa nkhani ya mayi ake omupeza. Mpaka lero reji alibe. Akuti adzabwera akamaliza yunivesite. Ndikatsogola asanatenge, adzachita kusaka mboni zoti atate ake anali yani, pakati pa anthu amene sanamuone akukula.

Wamng'ono anabadwira ku Mchinji mu 2020, a Naphiri atapita kukachirira kwa amayi awo. Ameneyu ndiye wolemera kuposa tonse: Mzambia kudzera mwa ine, Mmalawi kudzera mwa mayi ake, ndipo Britain nayo imamuwerenga chifukwa ndinali nditalumbira kale asanabadwe. Koma tsiku lija pamsewu, umboni wake wonse unali khadi la ku sikelo, lothimbirira ndi phala pangodya. Choipa china, pa khadipo anali atandilemba dzina limene apongozi amandiitanira, osati la pa reji. Kuti setifiketi yake ya kubadwa itchule bambo yemweyo amene reji ikutchula, ndinayenda maulendo oti njinga yamoto ya mnyamata wina wa pa malire inagulira matayala atsopano pa ine.

Wachitatu ndi amene sindimukamba osameza malovu. A Naphiri ndinawapeza ndi mwana wamkazi, pano ali ndi zaka 13. Amanditcha atate, fizi ndimalipira ndine, akadwala ndine ndimathamanga ndi mankhwala. Koma magazi anga alibe, ndiye madzi aja samufika. Ndi Mmalawi basi, ndipo akabwera pa holide amalowa ngati mlendo, ndi masiku owerengeka. Ndime 38 ili ndi khomo lake: mwana amene nzika yamutenga kukhala wake kudzera ku khoti amakhala nzika kuyambira tsiku lomwelo. Nditaiona ndimeyi ndinakondwa ngati ndatola ndalama. Mawa lake ndinanyamuka kukaifotokoza kwa atsibweni ake a mwanayo, mlongo wawo wa a Naphiri, mwini mbumba.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, akusenda chinangwa ndi kampeni. Kenaka anati: “Alamu, mwalankhula bwino, ndipo mtima wanu tauona. Koma mwana uyu ali ndi mbumba yake. Inu mumulere, mumuphunzitse, akadzakwatiwa mudzadye nawo. Zoti khoti lilembe kuti wachoka kwathu wapita kwanu, zimenezo sizichitika ine ndili ndi moyo. Ndi wamng'ono uja yemwe, musaiwale, tinangokubwerekani.”

Ndinabwerera nditafufuma. Njira yonse ndinkati anthu awa akutsekereza mwana mwayi chifukwa cha mwambo. Koma ndine Mchewa, ndipo ndikudziwa chimene ndikanayankha ine, mkamwini wina atabwera ndi pepala kudzandipempha mwana wa mlongo wanga. Boma likuti ana ndi anga chifukwa cha reji yanga. Mudzi ukuti ana ndi a kuchikazi, ine ndine tambala wobwereka. Mtsikanayo akuphunzira ku Mchinji, kwa agogo ake, ndipo nkhaniyi sindinaiyambenso.

## Ankhoswe ku khoti

Ukwati wa mwambo ndi ukwati weniweni pamaso pa lamulo la Zambia. Vuto n'lakuti ofesi siona tambala ndi msoti zimene zinasinthana pa chinkhoswe, imaona chidindo. Ndiye chaka chitatembenuka, a Naphiri atalowanso ndi chidindo chatsopano, ulendo uno tikukhwatcha masiku pa kalendala ya kukhitchini, tinasonkhanitsanso ankhoswe a mbali zonse ziwiri kupita nawo ku local court kukachitira umboni kuti awiriwa tinawamanga ndife. Nkhoswe wanga wamkulu anali atatisiya mu 2021, tinatenga wamng'ono. Wa a Naphiri, nkhalamba yoyendera ndodo, anabwera atavala jekete la ku tchalitchi, kapepala kodutsira pa malire kali m'thumba la pamtima. Kanali koyamba m'moyo wake kudutsira pa geti, chonsecho ku Chipata wakhala akubwera chibadwire, kuyambira kudakali Fort Jameson.

Atamufunsa ngati akuwadziwa anthu awiriwa, anayankha kuti, “Nkhuku ndinalandira ndine, ndipo ndinadya.” Anthu anaseka, pepala linadindidwa.

Zotsala zinali za pa kompyuta, poti masiku ano pemiti amapempha pa intaneti. Tinakhala tsiku lathunthu pa kasitolo kena ka fotokope ku Down Shops, kamtsikana ka pamenepo kakujambula tsamba ndi tsamba: pasipoti yawo, reji yanga, pepala la ukwati, zithunzi, kalata yanga yopempha. Magetsi anathima kawiri. Pemiti inatuluka mu 2023. Ndi yokhalira, za ntchito kapena geni ndi nkhani ina yoipempha payokha, ndipo imatha, imafuna kukonzetsa. Tsiku lake lothera ndinalilemba m'foni, pa kalendala, ndi mkati mwa chitseko cha wodiropu.

## Malire ndi maliro

Mwina wa ku Kitwe sangamvetse kuti munthu wophunzira, woti anakhalako kunja zaka 15, anagona bwanji tulo totere. Wa kuno amvetsa. Mzungu kapena Mchaina akakwatira mlongo wako, aliyense amadziwa kuti pafunika mapepala, ndipo mwini wake amathamangira yekha. Koma mkazi wa ku Mchinji, ku Kasungu, ku Dedza, kapena wa ku Tete wolowera pa Chanida? Timapemphera naye tchalitchi chimodzi, amalira maliro mmene timalirira ife, mfunda wake ndi Phiri kapena Banda ngati wathu. Loweruka lomaliza la Ogasiti tonse timakakumana ku Mkaika, mafumu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique akulamba kwa Kalonga Gawa Undi mmodzi, ndipo palibe amafunsa gule kuti watulukira dambwe la dziko liti. Ndiye lamulo likamati wakunja, sitimva kuti likunena munthu amene watiphikira nsima masana ano. Amene ali pangozi kwambiri ndi amene amafanana nafe, chifukwa palibe amamuchenjeza.

Koma mzerewo ulipo, umangogona. A Kenneth Kaunda anabadwira ku Lubwa, ku Chinsali, mu 1924, n'kulamula dziko lino zaka 27. Chifukwa makolo awo anachokera ku Nyasaland, lamulo la 1996 linawatsekera kupikisana nawo pa chisankho, ndipo mu 1999 khoti lalikulu linagamula kuti si nzika. Chigamulocho chinadzafafanizidwa, koma tonse tinaona. Ngati funso loti kwanu n'kuti linafika pakhomo pa munthu amene nkhope yake inali pa ndalama, lingalephere bwanji kukwera basi ya faifi?

Chimene chimandisowetsa tulo kwenikweni si anyamata a pamsewu. Ndi tsiku la maliro anga. Ndaona azimayi a ku Malawi amene akhala muno mpaka imvi, ana onse a reji yobiriwira, mwamuna akangotsikira kuli chete, achibale ofuna nyumba n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti paja awa si a kuno. Sanena mokweza. Amangozinong'oneza pa msonkhano wa pambuyo pa maliro, mayiyo ali pa mphasa, ndipo iye mwini amayamba kumanga katundu wopanda womuthamangitsa, chifukwa akudziwa kuti akati alimbelimbe, wina akamunenera. Ndime 37 ija imati amene ali pabanja ndi nzika, kapena amene anali, ndiye ngakhale kwa wamasiye khomo silitsekeka. Koma adzaonetsa chiyani, ngati ukwati wake uli m'mitu ya ankhoswe amene nawonso anapita?

Amuna anzanga a pa bawo ndikawauza zimenezi amaseka. Mmodzi, mkazi wake ndi wa ku Namitete, ali ndi ana asanu, anandiyankha mawu anga omwe aja osasintha ngakhale chilembo: ndani angamufunse? Ndinangoyang'ana nkhomo zanga.

## Zaka zisanu zinakwana

Mu Ogasiti 2024 tinakwanitsa zaka 5 chichitireni chinkhoswe. Ndinadikira tsiku lenilenilo. Ndinabwera ndi Fanta ndi mabanzi, n'kuwauza a Naphiri kuti tsopano tiyambe kufunsa za unzika, tsiku lina nawonso adzangoonetsa yobiriwira n'kudutsa. Ndinkayembekeza nthungululu.

Anali akupeta mpunga pakhonde. Sanasiye.

“Ndikatenga yobiriwirayo, munda wa amayi ku Mchinji udzakhala wa yani?”

Ndinawafotokozera kuti Malawi nayo inasintha, nyumba ya malamulo ya kumeneko inavomereza unzika wa mayiko awiri kumapeto kwa 2018, sadzataya kanthu. Ndinayamba kutchula ndime, chala chili m'mwamba. Anandidula.

“Bambo ake, inu munati ndani angandifunse. Anandifunsa. Pano mukuti sindidzataya kanthu.” Anauzira mankhusu m'lichero. “Ndikafunsa ndekha ku Lilongwe, ndikamve ndi makutu anga, ndikaone pepala lake. Komanso mwana wanga wamkulu ali tsidya lija. Ine ndikhale wa kuno, iye wa uko?”

Fanta ija tinamwa itafunda.

Anatenga nthawi yawo. Mwezi watha ndi pomwe anapitadi, pemiti ndi pasipoti zili m'kansalu komwe kaja. Ndinawaperekeza mpaka pa Mwami. Pa windo anapereka okha, anayankha okha, ine ndili chapatali ndi mwana, manja m'thumba, mapasipoti anga onse awiri nditawasiya kunyumba. Atawadindira anacheuka n'kundikuwira kuti ndisaiwale kutsekera nkhuku.

Anabwerako Lachisanu ndi thumba la usipa ndi mafomu awiri. Usipa tadya watha. Mafomuwo ali pansi pa Baibulo, sanalembepo kanthu, ndipo ine sindinafunse.